Monitori Inakhala Pampando Wanga

Kapepalako ndikali nako. Ndi katsamba kong'ambidwa m'kaderno, buku langa lolembamo la mizere, kopindidwa kasanu ndi kamodzi mpaka kulimba ngati kachikuni, mbali imodzi kofiirira chifukwa cha kutentha. Ndinakapeza patapita zaka zambiri m'kati mwa chibokosi cha komputadori ya amalume, nkhuku za amayi zitayamba kale kuikiramo mazira. Nditakafunyulula, zilembo za aphunzitsi zinali zikuonekabe, Chipwitikizi choongoka bwino. Analemba kuti diso langa lakumanzere likufooka, kuti madotolo a maso ali ku Tete mpaka kutha kwa chaka, ndi kuti mwana akachedwa, diso lotere silibwereranso. Liwu loti urgente, kutanthauza mwamsangamsanga, analidula mizere iwiri kunsi kwake.

Ndinawerenga zonsezo ndi diso limodzi, poti ndilo ndili nalo. Linalo lilipo ndithu, koma ndi lokongoletsa nkhope basi.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, kalasi yachitatu. Tinkakhala kunja pang'ono kwa Fingoe, m'mphepete mwa msewu wafumbi umene magarimpero, anthu okumba golide, ankadutsamo popita kumigodi. Bambo anamwalira ine ndikali kumsana. Amayi anakulira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ndiye Baibulo la Chinyanja ankaliwerenga ngati akumwa madzi, koma Chipwitikizi chawo chinkathera pa moni. Pepala lililonse la boma kapena la kushikola linkadutsa m'manja mwa amalume, mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba. Chimene amalume anena, ndicho pepala lanena.

Amalumewo anagwirapo ntchito ku Tete kwa munthu wokonza makomputadori, n'kubwerako ndi yawoyawo, chibokosi chakuda chondifika m'chiuno. Anamanga baraka ya malata pabwalo pathu, nakokeramo waya wochokera ku jeradori, kainjini kopanga magetsi, magarimpero n'kumabwera kudzasewera nkhondo ndi mipikisano ya magalimoto. Kunyada kwawo konse kunali pa mapulaka, zipangizo zija zimene zimajambula zithunzi za masewera. Komputadori wamba imakhala ndi pulaka imodzi. Yawo inali ndi awiri, olumikizidwa ndi kalamba pamwamba, ndipo ankawatcha mapasa. "Mapasa anga adya fumbi," ankatero m'mawa, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono ndi sopo wa amayi asanawakhudze. Munthu yemweyo akabwera kudzadya nafe ankangoviika nsonga za zala m'madzi.

Barakayo ndimaikumbukira mpaka lero. Munkamveka fungo la gazolina wa jeradori, fodya, thukuta la anthu osasamba masiku atatu, ndi zitini za nsomba zotsekula theka zimene ntchentche zinkachitirapo msonkhano. Mabatani osewerera anali ndi dothi lofiira la kumigodi losakanikirana ndi mafuta a nsombazo, moti ukakanda ndi chikhadabo linkamatuka ngati phula. Pakona panali botolo la pulasitiki limene amuna akuluakulu, a ndevu zawo, ankakodzeramo poopa kuti akatuluka mnzawo awalanda malo. Asa! Ndipo wokataya botololo anali amayi. Mphemvu nazo zinkakonda kufunda kwa m'chibokosi. Zina zinkapsera pamapasa pomwepo n'kumatulutsa kafungo ka tsitsi lowauka, amalume n'kumazitola ndi timitengo tiwiri, akung'ung'udza kuti zawadetsera ana awo.

Koma mapasawo anali ndi vuto, ndipo vutolo ndilo linadya nyengo yonse ya dzuwa ija, kuyambira mango ali ngati nsawawa mpaka kupsa. Nkhondo ikafika pothithikana, chithunzi chinkachita chibwibwi. Msilikali wadzutsa mwendo, waima, kenako wapezeka kale kutsidya, wafa. Magarimpero ankatukwana mpaka amayi kundithamangitsira kuseri kwa nyumba. Mnzawo wina wa amalume ku Tete anavomera kuwapatsa chipangizo chatsopano mosinthana ndi foni yapamwamba imene amalume anali nayo. Koma chipangizo chimodzi chokha: purosesadori kapena monitori.

Ife a pakhomo tinaiphunzira nkhaniyi mosafuna, monga umaphunzirira nyimbo ya woledzera wodutsa tsiku ndi tsiku. Purosesadori ndi kachitsulo kakang'ono ngati bisiketi, kamene kamagawira mapasa ntchito. Yakaleyo inali yochedwa. Amalume ankati ndi khosi la botolo, madzi ali tho m'kati koma akutuluka modontha. Ankandigwira dzanja n'kuligunditsa pulaka yapamwamba, yotentha ngati chiwaya, kenako yapansi. "Waona? Yazizira. Ikungogona, palibe woipatsa ntchito. Chinthu ukachisiya chigonere chimafa." Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwawo momwemo, ine ndili patsogolo pawo ndikuwayang'ana ndi diso limodzi, linalo litathawira kumphuno.

Mbali inayo kunali monitori, galasi loonerapo. Yakale ija inali ya mu ofesi, yaing'ono, yokandikakandika, yotha kuonetsa zithunzi makumi asanu ndi limodzi pa sekondi pomwe mapasa akanatha kutulutsa zoposa zana. Ndiye Lolemba amalume ankagona atasankha purosesadori, Lachiwiri n'kudzuka ndi monitori. Ankalemba manambala pamakatoni, kuwerenga timano ta purosesadori kuti tigwirizane ndi pokhala pake, kuimba foni ataima pachulu pomwe foniyo inkagwira, akukuwa za zingwe ndi kukula kwa galasi mpaka mudzi wonse kumva. Iwo eni ankadziwa kumene matenda ali. Ndinawamva ndi makutu angawa akuuza mgarimpero wina kuti kugula galasi lalikulu purosesadori ili yomweyo n'kuvala chipewa chatsopano pamutu wansabwe. Amayi akatopa nazo ankangoti, "Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa."

Kushikola anzanga ankanditcha Katsinzina. Ine sindinkadziwa kuti ndili ndi vuto. Ndinkayesa kuti dziko ndi lotero, kuti mtengo ukakhala patali masamba ake amasungunuka kwa aliyense, kuti munthu umamuzindikira ndi kayendedwe ndi mawu mpaka afike pafupi. Aphunzitsi athu, mayi wachitsikana wochokera kutali kunyanja yamchere, wosadziwa Chinyanja, ndiwo anaona kuti ndimakopera m'kaderno ya mnzanga mpaka ndi zolakwa zake zomwe. Tsiku lina ananditsalitsa anzanga ataweruka. Ananditseka diso lamanja ndi chikhatho chawo chonunkhira choko, atalemba chilembo chachikulu pabolodi. Sindinaone kanthu koma utsi. Kenako anang'amba tsamba m'kaderno yanga n'kuyamba kulemba.

Amalume analiwerenga ali chiimire, milomo ikuyenda popanda mawu, amayi akudikira pambali ndi lichero m'manja. "Akuti mwanayu nthawi ina adzamuone maso ku Tete," anatero. Nthawi ina! Komabe amayi mawuwo sanawataye. Kunali kamiyawu, lole ya chimanga, yoti inyamuke shikola ikangotseka, yomaliza mvula isanadzaze mitsinje, ndipo amalume anali atalankhula kale ndi woyendetsa wake kuti awasungire malo awiri kutsogolo, ena awo, ena a katundu.

"Kabisiketi kanuko kakwana m'thumba la malaya," anatero amayi. "Pampandopo pakhale mwana."

Sabata imeneyo amalume anali kumbali ya purosesadori, ndiye anavomera. Tsiku lomwelo pulaka yapansi inayamba kugwedera n'kumalira ngati nkhululu. Ndinawaona akupinda pepala la aphunzitsi lija, kupinda, kupindanso, n'kulilowetsa pansi pake. Phokoso linatha. Anandiyang'ana akumwetulira nati shikola ili ndi ntchito ndithu.

Za ulendowo ndinauza aliyense, mpaka mbuzi. Amayi anachapa diresi langa la kutchalitchi n'kulipinda pansi pa mphasa kuti liwongoke, nandisungira chitenje chawo chatsopano cha maluwa achikasu choti ndikafunde panjira. Kunena zoona, za maso sindinkaziganizira kwenikweni. Ndinkafuna kuona mlatho wa pa Zambezi, umene mnzanga wina ankalumbira kuti ndi wautali kuposa mudzi wathu wonse ndi manda omwe. Ndinkawerenga masiku poika timiyala m'chitini, nyenje zikulira m'mitengo, kunja kukutentha moti malata a baraka ankachita kulira okha.

Kenako foni ya amalume inalandira chithunzi. Mnzawo wa ku Tete anajambula monitoriyo ili m'sitolo mwake, yotambalala ngati chitseko chogoneka, yopyapyala, yakuda bii. Foniyo inayenda m'manja mwa magarimpero onse, aliyense akuisiyira chidindo cha chala. Wina wa chipewa chofiira, amene sankachoka m'barakamo, anati kwa amalume, powaitana malume m'Chipwitikizi, "Tiyu, purosesadori adzaiona ndani? Ikakhala m'kati ngati njoka ya m'mimba. Koma iyi, anthu adzachoka ku Malowera wapansi kudzangoiona." Amalume anangoyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa. M'mawa mwake anapita ndi chingwe kukayeza mpando wa kamiyawu.

Kumbuyo kwa lole, pamwamba pa matumba a simenti ndi migolo ya mafuta imene inkabwera nayo, monitori ikanasweka isanafike ndi theka lomwe la njira. Ana nawo woyendetsayo sankawakweza kumbuyo, chifukwa msewu wake ndi wa mabampu oponya munthu m'mwamba. Amayi anati ndikhoza kukhala pamiyendo pa amalume. Iwo anaseka n'kufunsa kuti nanga monitori aigwira ndani. Apo ndi pamene ndinamva koyamba amayi akukweza mawu kwa mlongo wawo. Sanakweze kwambiri ayi. Anangoti, "Nanga maso a mwana?" ndipo anabwereza kawiri.

Loweruka masana amalume anaitanira amayi kubaraka, kumene ankangolowako pokatenga botolo lija. Munali amuna asanu ndi awiri. Amalume anatenga kampando kamatabwa n'kukaika pakhomo penipeni, kutali ndi tebulo, nandikhazikapo. Anayatsa masewera a magalimoto.

"Unene zoona. Ukuona bwanji?"

Ine ndinaleredwa kunena zoona, ndiye ndinati ndikuona mbuu. Anafunsa ngati manambala a pakona ndikutha kuwawerenga. Ndinati ayi. Anatembenukira kwa wachipewa chofiira uja, yemwe anatsinzina mwadala n'kunena kuti nayenso akuona mbuu, galasilo latha. Ena onse anavomera ngati kwaya.

"Mwaona, achemwali? Anthu onsewa akudwala maso? Vuto ndi galasi ili. Kushikolanso ndi bolodi lawo lija lotuwa ngati phulusa. Mwanayu ali bwinobwino."

Amayi anayang'ana ine, anayang'ana monitori, anayang'ana amuna asanu ndi awiri akugwedeza mitu. Iwo ankadzitcha okha munthu wosaphunzira, ndiye akanatsutsa bwanji umboni wa anthu onsewo, mwana wawo yemwe atavomereza? Anatola botolo lija n'kutuluka nalo. Ndipo chimene chimandinyansa kuposa zonse ndi ichi: ine ndinanyada. Mawu anga ndiwo anathetsa mkangano umene unasautsa amalume miyezi iwiri! Anandisisita mutu, nandipatsa siwiti yomata yochokera m'thumba la buluku, yokutidwa ndi ulusi ndi zinyenyeswa za fodya. Ndinaidya. Kuti ulendo wanga wapita ndinazindikira pambuyo pake, nditaona amayi akutulutsa diresi pansi pa mphasa n'kulibwezera m'sutikesi.

Aphunzitsi anabwera okha panjinga kutatsala masiku awiri kuti shikola itseke. Amayi anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, amalume n'kukhala pakati kuti atanthauzire. Aphunzitsi ankalankhula mwachangu, akuloza diso lawo lakumanzere, akuwerenga masabata pazala. Amalume ankayankha mofewa, sim senhora, sim senhora, ndiye kuti inde mayi, dzanja lili pamtima. Kenako anatembenukira kwa amayi nati, "Akuti bolodi adzalipaka utoto chaka chamawa." Amayi anaomba m'manja kuthokoza. Chipwitikizi changa cha kalasi yachitatu chinagwira mawu awiri atatu osakhudzana ndi bolodi, koma mwana salowerera akulu akamalankhula. Aphunzitsi anachoka ndi mango m'thumba, atasangalala, poganiza kuti ndikupita. Anapita kwawo kutchuthi, ndipo chaka chotsatira anawatumiza kushikola ina.

Anthu ena ndikawafotokozera amati mwina amalume sanamvetse, mwina ankayesa kuti kudzakhala ulendo wina. Ayi, musawasambitse. Munthu wotha kuwerenga timano ta purosesadori tosaoneka ndi maso sangalephere kuwerenga liwu limodzi lodulidwa mizere iwiri. Anawerenga, anamva, anasankha.

Kamiyawu inanyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ndinakwera pachulu paja kuti ndiione ikupita, koma itangodutsa mtengo wa mlambe inasungunuka monga zinthu zonse zinkachitira, kutsala phokoso lokha. Amalume anali atatenga chitenje cha maluwa achikasu chija. Masiku asanu amene anachoka, baraka inali yotseka, ndipo amayi anaikolopa yonse ndi phulusa ndi madzi otentha, nsalu ili kumphuno. Ndinkawathandiza kutunga madzi. Sanatchulepo za Tete, inenso sindinatchule.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kamiyawu inabwera, mitambo ili bii chakumpoto. Ndinaithamangira mpaka kuigwira chitseko. Kutsogolo, pafupi ndi woyendetsa, panali chikatoni chokulungidwa m'chitenje changa, chomangidwa lamba, amalume atachikumbatira ngati akuperekeza wodwala. Iwo anali fumbi lokhalokha, milomo yosweka, maso ofiira. Katoniyo inalibe ndi kadontho komwe. M'mawa mwake mvula inagwa, mitsinje inadzaza, ndipo msewu sunayendekenso mpaka chimanga kucha.

Ku Tete ndinakafika ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dotolo anandiunika n'kundipatsa magalasi othandiza diso lamanja, ndipo tsiku limenelo ndinaona koyamba kuti mtengo wa patali uli ndi masamba, lililonse palokha. Za lakumanzere anangopukusa mutu nati ndikanabwera ndili wamng'ono. Mlatho ndinauonadi, ndi mlatho basi. Chibwibwi cha masewera nacho sichinathe. Msilikali ankaimabe mwendo uli m'mwamba, kungoti tsopano ankaima wamkulu, wooneka bwino, magarimpero n'kumatukwana monga kale. Pulaka yapansi inakhala yozizira mpaka komputadori yonse inafa. Amalume ali moyo, akalamba, ndipo amanditumizira mauthenga oti ndiwapezere magalasi owerengera poti zilembo za pafoni zayamba kuwathawa. Pepalali sindinawaonetse. Amayi ndiye sindidzawaonetsa n'komwe, chifukwa ndimakumbukira mmene anaombera m'manja pansi pa mango paja.

Koma ndinene za tsiku limene anaiyatsa monitoriyo. Kunja mvula inali kuwaza, ndipo anthu anadzaza baraka mpaka ena kusuzumira m'mipata ya malata, matope ali phwathaphwatha pansi pomwe amayi anakolopa. Amalume anasamba m'manja kawiri. Anamatula pulasitiki pagalasi pang'onopang'ono, analumikiza zingwe, jeradori inabangula. Chithunzi chitabwera anthu onse anati hiii nthawi imodzi. Wachipewa chofiira uja anavula chipewa.

Phokoso litachepa amalume anaitana amayi, naitananso ine. Anati tiyesenso. Anatenga kampando komwe kaja, nakaika patsogolo pa tebulo, pafupi moti maondo anga anagunda thabwa, nakasuntha pang'ono chakumanzere kuti diso langa lamanja liyang'ane pakati pa galasi. Dzanja lawo linali pakhosi panga, lofunda, lonunkhira sopo wa amayi.

"Nanga tsopano?"

Mayo ine! Ndinaona. Galimoto yofiira, matayala ake, timiyala ta mumsewu, mbendera zikuuluka. Manambala a pakona ndinawawerenga mokweza, onse, osaphonya ndi imodzi yomwe. Anthu anaseka naomba m'manja. Amayi anagwira pamtima, misozi ili m'maso, nati Mulungu ngwabwino, si maso ayi. Anandiuza kuti ndithokoze. Ndinatsika pampando n'kugwada m'matope muja, pafupi ndi botolo limene linali litayamba kale kudzaza, ndikuomba m'manja. Zikomo amalume, mwandichiritsa.

Iwo sanandiyang'ane. Anali kupukuta galasi ndi chitenje cha maluwa achikasu, pamene mpweya wanga unasiya nkhungu. Ndinayesa kuti n'kudzichepetsa, ndipo ndinawakonda kwambiri tsiku limenelo. Sindinadzifunse n'komwe kuti kampando kaja, kamene tsiku loyamba kanali pakhomo, kanafika bwanji patebulo.